Mlendo ku Rufunsa ndi lamulo loletsa mabanki kudula

Pa 4 Sepitembala 2018 linayamba kugwira ntchito lamulo la Bank of Zambia loletsa mabanki ndi mabungwe ena osunga ndalama za anthu kudula makasitomala ndalama zopanda chifukwa chomveka. Bwanamkubwa wa bankiyo panthawiyo anali Dr Denny Kalyalya, ndipo mphamvu zochitira zimenezi anazitenga m'lamulo lalikulu loyendetsa mabanki la 2017. Chikalatacho n'chachifupi. Mtima wake ndi mndandanda wa zinthu zoposa 20, mzere uliwonse ukutchula chinthu chimodzi chimene banki siyeneranso kulipiritsa: kutsegula akaunti, kuika ndalama pakauntala, kufunsa balansi, kulandira khadi loyamba, kusintha nambala yachinsinsi ya khadilo, kulipira ndi khadi m'sitolo, kutumiza ndalama kwa mnzako wa banki yomweyo, ndi zina zotero.

Inali nkhani yabwino, ndipo idakali yabwino. Koma ndikufuna tiwerenge mndandandawu ndi maso a munthu amene satchulidwa pamzere uliwonse, ndiye mlendo. Ndikunena Mmalawi amene wadutsa pachipata cha Mwami, wakwera basi ya ku Lusaka, wapitirira Chipata, Katete, Petauke ndi Nyimba, waoloka mlatho wa Luangwa n'kudzatsikira ku Rufunsa, kudzagwira ntchito yomanga, ya kumunda kapena ya kuchipatala cha St Luke's ku Mpanshya. Ndikunenanso wa ku Zumbo m'dziko la Mozambique amene wakwera kuno kudzera ku Luangwa. Rufunsa ndi boma limene linapatulidwa ku Chongwe m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata. Lili pamsewu wa Great East, makilomita pafupifupi 150 kum'mawa kwa Lusaka, kwa mafumu Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta. Eni dera ndi Asoli, koma Chinyanja chimamveka bwino pamsika, choncho Mmalawi savutika pakamwa. Chilendo chimadzamupeza pa ndalama.

Chinthu choyamba chimene munthu amaona powerenga mndandandawu n'chakuti sufotokoza zifukwa. Sunena kuti kudula kwakutikwakuti n'koipa chifukwa chakutichakuti. Umangotchula, mzere ndi mzere. Komatu palibe amene amaletsa chinthu chimene sichichitika. Mzere uliwonse ndi umboni wakuti chinthucho chinkachitika, ndipo chinkachitika kwa anthu ambiri mpaka banki yaikulu n'kuchimva. Ukauwerenga motero, mndandandawu umasanduka mbiri ya zimene makasitomala ankakumana nazo 2018 isanafike.

Tengani mzere wonena za ndalama zimene zalephera kutuluka pa ATM. Mwalowetsa khadi, mwadina nambala yachinsinsi, mwasankha K500. Makina akulira m'kati ngati akuwerenga, kenako galasi lazima, kapena latulutsa uthenga wakuti yesaninso. M'manja mulibe kanthu. Foni yalira m'thumba, ndipo uthenga ukuti mwadulidwa ndalama yotapira. Mzerewu ukunena kuti kudula koteroko n'koletsedwa. Mawu ake ndi ochepa kwambiri, koma amene anakhala mu Zambia mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, akudziwa kuti makina ofera pakati si nkhani yachilendo. Kwa munthu wa ku Rufunsa amene wawononga ndalama yokwerera kupita ku Chongwe kapena ku Lusaka kuti akapeze ATM, kulipira chifukwa cha ndalama zimene sanazigwire n'kupweteka kawiri.

Mzere umene ndimauona kuti ndi wanzeru kuposa yonse ndi wovuta kuumva poyamba. Ukuletsa kudula kowonjezera kumene kwabadwa chifukwa cha kudula koyamba kwa banki yomweyo. Tiyerekeze chonchi. Mu akaunti mwatsala K20. Kumapeto kwa mwezi banki yadula K35 yake ya mwezi. Akaunti yalowa m'ngongole ya K15. Ndiye banki ikuti: mwadya ndalama zoposa zimene munali nazo, tikudulani chindapusa. Mwezi wotsatira chindapusacho chabala chinzake. Mwini akaunti sanatape kalikonse, sanagule kalikonse, mwina ali kumudzi ku Mchinji kumaliro a bambo ake, koma ngongole ikukula yokha. Olemba lamuloli anaona kuti apa banki ndi imene yakumba ngongoleyo, ndiye siyenera kulipitsa munthu chifukwa cholowamo. Mzerewu umayenda limodzi ndi wina woletsa kulipiritsa munthu podzutsa akaunti imene inagona chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Mizere iwiriyi, ngakhale sinalembedwe ndi dzina lake, ndi ya mlendo kwambiri, pakuti iye ndi amene amachoka mwadzidzidzi n'kukhala miyezi asanabwerere.

Mpaka pano lamuloli likumukomera. Vuto limayamba pamizere ina imene siithera poletsa, koma ili ndi mawu owonjezera kumapeto. Wowerenga mothamanga amaona chiletso n'kusangalala, osafika kumapeto kumene kuli "pokhapokha".

Kutseka akaunti n'kwaulere, koma pokhapokha akauntiyo itagwira ntchito miyezi yoposa 6. Cholinga chake n'chomveka, banki isataye mphamvu potsegulira munthu akaunti lero kuti aitseke mawa. Koma ganizirani amene amatseka akaunti miyezi 6 isanakwane. Si mphunzitsi wa pasukulu ya boma amene adzakhala pano zaka. Ndi mmisiri wa kontirakiti ya miyezi 4, ndi waganyu wa nyengo yokolola. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo malire a miyezi 6 amenewa agwera ndendende pa munthu wotero. Iyeyu ayenera kufunsa tsiku lotsegula lomwelo kuti kutseka msanga kumadya zingati, n'kuona ngati kuli bwino kutseka kapena kudikira kuti miyeziyo ikwane. Choipa kwambiri ndi chimene ambiri amachita, kungotapa zonse n'kukwera basi, akaunti n'kuisiya yotsegula. Ngati ndi akaunti yodulidwa mwezi ndi mwezi, dzina lake limatsala likukoka ngongole m'dziko limene mwina adzafuna kubwererako.

Mzere wa akaunti yosungira ndalama uli ndi "pokhapokha" awiri. Kudula n'koletsedwa pa akaunti wamba yosungira, yopanda kabuku ka macheke, ndiponso imene ikuyenda m'malire amene munagwirizana ndi banki. Apa pakufunika maso. Lamulo silinanene kuti akaunti iliyonse ikhale yaulere. Lasankha mtundu umodzi. Tsono mlendo akakhala pampando kutsogolo kwa kalaliki, atanyamula pasipoti, chilolezo chogwirira ntchito, kalata ya abwana ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku Zambia Revenue Authority (imene yakhala ikufunika pa akaunti ya kubanki kuyambira 2017), mtima wake umakhala pa kulandiridwa. Akamva kuti "tikutsegulirani akaunti ya malipiro", amayankha kuti zikomo bwana, n'kusaina. Sadziwa kuti funso limodzi likanasintha zonse: "Kodi imeneyi ndi akaunti wamba yosungira, yosadulidwa pamwezi? Malire ake ndi otani?" Malirewo akhoza kukhala ndalama yotsala imene siyenera kutsika, kapena kuchuluka kwa ndalama zimene zingalowe. Mukawadumpha, chitetezo cha mzerewu chatha. Kalaliki sananame, koma sanafunsidwe.

Kutapa pakauntala nakonso kuli ndi malire ake. N'kwaulere pamene ndalama zimene mukufunazo makina a ATM sangathe kuzitulutsa. Ngati makina akanatha koma inu mwasankha mzere wa m'kati chifukwa mumakhulupirira munthu kuposa makina, banki ili ndi ufulu wodula. Ndimamvetsa chifukwa chake mlendo amakonda kauntala. Pakauntala pali nkhope yoti n'kuifunsa. Koma nkhopeyo ili ndi mtengo.

Mzere umene ukukhudza mlendo mwachindunji ndi wa ndalama zochokera kunja, ndipo ndi umene "pokhapokha" wake ndi wolemera kuposa onse. Ndalama zikalowa mu akaunti yanu kuchokera kubanki ina ya mu Zambia momwemo, banki yanu siyenera kudula. Zikachokera kunja, chiletsochi chimagwira ntchito pokhapokha ngati wotumizayo walipira mtengo wonse wa ulendo wa ndalamazo. Mawu amenewa akutanthauza kuti chitetezo chanu ku Rufunsa chimagamulidwa pakauntala ya ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku London, ndi munthu wina, pa fomu imene inu simudzaiona.

Pa fomu yotumizira ndalama kunja kudzera pa njira ya mabanki yotchedwa SWIFT pamakhala malo osankha amene alipire. Zosankhazo ndi zitatu, ndipo zimalembedwa ndi zilembo zitatuzitatu. OUR ndiye kuti wotumiza walipira zonse. SHA ndiye kuti mugawana, wotumiza alipira banki yake, zotsalazo zidulidwa pa ndalama zimene zikubwerazo. BEN ndiye kuti zonse zigwera wolandira. Mlongo wanu ku Johannesburg, amene mwina akutumiza koyamba, amaona kuti SHA ndi yotsika mtengo kwa iye, ndipo nthawi zambiri ndi imene imakhala itasankhidwa kale. Amachonga pamenepo ndi mtima wabwino. Ndalamazo sizichoka kubanki yake n'kulunjika kubanki yanu. Ngati ndi madola a America, kawirikawiri zimadzera kubanki ina yapakati, mwina ya ku New York, ndipo imeneyo imatengapo yake. Zikafika ku Lusaka banki yanu imatengaponso, ndipo lamulo la 2018 siliiletsa, chifukwa wotumiza sanalipire zonse. Inu mumangoona kuti zafika zoperewera, n'kuyamba kukayikira mlongo wanu kapena kalaliki. Mabanja amakangana chifukwa cha zilembo zitatu zimenezi. Njira yake ndi kuimbirana foni fomu isanadzazidwe: "Achemwali, pamalo olipira paja musankhe OUR, ndipo munditumizire chithunzi cha pepalalo." Chithunzicho ndi chimene mudzaonetse banki yanu ikadula pamene siyenera kudula.

Sindikunena kuti OUR ndi yotsika mtengo. Wotumiza amalipira zambiri pachiyambi, ndipo pa ndalama zochepa, njira za makampani otumiza ndalama kapena za pafoni zikhoza kuposa banki. Ubwino wake ndi wakuti mtengo wonse umaonekera pamalo amodzi, usanavomere. World Bank, imene imatsata mitengo yotumizira ndalama m'maiko, yakhala ikupeza kuti kutumiza kumaiko a kum'mwera kwa Sahara n'kodula kuposa kwina kulikonse, pafupifupi 8 pa 100 iliyonse, pamene cholinga chimene maiko anagwirizana ku United Nations n'chakuti pofika 2030 mtengowo utsike kufika pansi pa 3 pa 100. Njira zochokera ku South Africa kubwera ku Zambia ndi ku Malawi zakhala zikupezeka pakati pa zodula kwambiri.

Tsopano tione zimene mndandandawu sunatchule n'komwe, chifukwa kumeneko ndi kumene mlendo amatayira zambiri.

Palibe mzere wonena za mtengo wosinthira ndalama. Chifukwa chake n'chakuti mndandandawu ukuwerenga zinthu zokhala ndi dzina pa sitetimenti, pamene phindu la banki posintha ndalama silikhala ndi mzere wakewake. Limabisala m'kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Munthu angathe kulandira uthenga wakuti kutumiza kunali kwaulere, koma atataya ndalama zambiri posintha kuposa zonse zimene zaletsedwa pamndandanda uja kuziphatikiza. Kwa Mmalawi nkhaniyi ndi yowawa mwapadera. Maiko awiriwa onse ndalama yawo ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zotalikirana kwambiri. Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama yake mu Januwale 2013, ndipo Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ya Malawi ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Mlendo watsopano akamva kuti banki yadula K50, khutu lake lozolowera za kwawo limamva ngati ndi ndalama yosagula ngakhale machesi. Zimatenga masabata kuti K50 ya ku Zambia iyambe kumupweteka monga iyenera kupwetekera, ndipo m'masabata amenewo ndi mmene amasaina mapepala ambiri.

Palibenso mzere woteteza khadi lochokera kunja. Bank of Zambia imalamulira mabanki a mu Zambia, ndipo mphamvu zake zimathera pamalire. Mukalowetsa khadi la banki ya ku Blantyre kapena ya ku Johannesburg mu ATM ya ku Chongwe, banki ya kwanu imadula yake yotapira kunja, kusintha kwa ndalama kumadyaponso, ndipo palibe chimene lamulo la 2018 linganene. Uthenga wodziwitsa za kudulako umapita kunambala ya foni ya kwanu, imene mwina mwaichotsa kuti muike simu ya kuno. Mumadzazindikira patapita mwezi. Amene akugwiritsa ntchito khadi lotero achepetse maulendo otapa, chifukwa gawo lina la mtengowo limadulidwa pa ulendo uliwonse posaona kuti mwatapa zingati. Ndipo makina akafunsa ngati mukufuna kuti awerengere m'ndalama ya kwanu kapena m'kwacha ya Zambia, sankhani ya Zambia. Mukasankha ya kwanu, mwalola mwini makinawo kuika mtengo wake wosinthira, umene kawirikawiri umakhala woipa kuposa wa Visa kapena Mastercard. Koma mankhwala enieni ndi kukhala ndi akaunti ya kuno msanga, chifukwa mizere yonse yabwino ija imayamba kukutetezani tsiku limene mwakhala kasitomala wa banki ya mu Zambia.

Chachitatu n'chakuti ndalama zambiri za ku Rufunsa sizidutsa pakhomo la banki. Zimayenda pafoni, pa Airtel Money ndi MTN MoMo, m'timisasa ta maejenti m'mbali mwa msewu. Kumeneko kuli kudula kwina kumene mlendo amakusokoneza ndi kwa banki. Kuyambira pa 1 Januwale 2024 boma linaika msonkho pa ndalama zotumizirana pafoni, umene poyamba unayambira pa 8 ngwee n'kulekezera pa K1.80 malinga ndi kuchuluka kwa ndalamazo. Umenewu ndi msonkho wokhazikitsidwa ndi nyumba ya malamulo, umapita kuboma, ndipo kukangana ndi ejenti za iwo n'kumulakwira. Chimene muyenera kufunsa ejenti ndi china. Mtengo wotapira umadulidwa m'foni momwemo ndipo umaoneka pa uthenga. Ejenti akapempha ina yapamanja pamwamba pa imeneyo, mufunseni mwaulemu kuti yalembedwa pati.

Nanga banki ikadula chimene lamulo laletsa? Apa ndi pamene ndikuona kuti chikalatachi, ngakhale n'cholembedwa bwino, chimadalira munthu amene ali ndi zinthu zitatu: amawerenga Chingerezi cha malamulo, amaona sitetimenti yake, ndipo ali pafupi ndi banki. Wa ku Shikabeta amene wadulidwa K30 molakwika adzawerengera ndalama yokwerera kupita ndi kubwera, ndi tsiku lathunthu losagwira ntchito, n'kuona kuti kudandaula n'kodula kuposa kudulidwako. Mlendo ali ndi choletsa china pamwamba pa chimenechi, mantha. Amaopa kuti akakweza mawu pakauntala, wina afunsa za mapepala ake. Ndikufuna kunena motsindika kuti mndandandawu sufunsa za dziko la munthu. Umanena za kasitomala. Amene ali ndi akaunti ali ndi ufulu wofanana ndi wa mwini dziko.

Ndipo dandaulo silifuna kukweza mawu, silifunanso ulendo nthawi zonse. Lingayambe pafoni ya banki yothandizira makasitomala kapena pakalata. Chofunika n'chakuti likhale ndi zinthu zogwirika: tsiku, ndalama imene yadulidwa, ndi dzina la kudulako monga lalembedwera pa sitetimenti. Ngati ndi ATM imene inafera pakati, jambulani galasi lake ndi foni pomwepo, sungani kalisiti ngati katuluka, ndipo musafufute uthenga. Mawu ake angakhale achidule chonchi: "Pa tsiku lakutilakuti munandidula ndalama yakutiyakuti pofunsa balansi. Kudula kumeneku kunaletsedwa ndi lamulo la Bank of Zambia la 2018. Ndikupempha kuti mundibwezere." Pemphani nambala ya dandaulo lanu n'kuilemba. Banki ikakhala chete kapena ikakana popanda chifukwa, nkhaniyo imakwera ku Bank of Zambia ku Lusaka, ndipo palinso Competition and Consumer Protection Commission, imene imamva madandaulo a ogula. Onsewa adzafunsa kaye ngati munayamba mwauza banki yanu, n'chifukwa chake nambala ija ndi yofunika.

Chimene ndikanakonda kuona n'chosavuta. Mndandandawu ndi waufupi moti ukhoza kukwana patsamba limodzi. Utamasuliridwe m'Chinyanja ndi m'Chisoli, mawu a "pokhapokha" aja alembedwe ndi zilembo zikuluzikulu kuposa chiletso chenichenicho, ndipo ukhomedwe pamene anthu amagwira ndalama: pa timisasa ta maejenti ku Rufunsa ndi ku Chinyunyu, pachipata cha chipatala ku Mpanshya, ndi pa ofesi ya pamalire ya Mwami ndi Mchinji, imene Pulezidenti Hakainde Hichilema ndi Pulezidenti Lazarus Chakwera anatsegula mu Disembala 2022 kuti apaulendo azidinditsa mapasipoti pamalo amodzi. Pansi pa tsambalo pawonjezedwe mizere iwiri imene lamulo silinalembe, wonena kuti khadi la kunja silitetezedwa ndi mndandandawu, ndi wouza wolandira ndalama zakunja kuti afunse wotumiza ngati wasankha OUR.